Kuwerengera Mtengo wa Makina ndi Zikombole za Fakitale ya Pulasitiki

Beseni lochapira, ndowa yotungira madzi, mpando umene umabwerekedwa paukwati ndi pamaliro, kreti ya mabotolo ndi chitsekerero cha botolo la mafuta ophikira, zonsezi zimapangidwa m'njira imodzi. Timibulu ta pulasitiki timathiridwa m'makina, timasungunuka mumgolo wotentha, kenako sikuluwu yaikulu imakankhira phala lotenthalo m'chikombole chachitsulo chotsekedwa zolimba. Phalalo likazizira, chikombole chimatseguka, chinthucho n'kugwa, chikombole n'kutsekekanso. Ulendo umodzi wotere umatenga masekondi ochepa chabe pa zinthu zing'onozing'ono, ndipo umatha kupitirira mphindi imodzi pa zinthu zazikulu ngati mipando.

Njirayi ndi yakale ndithu. John Wesley Hyatt ndi mchimwene wake Isaiah analembetsa makina oyamba a mtundu umenewu ku America mu 1872, ndipo mu 1946 James Watson Hendry anapanga makina okankha pulasitiki ndi sikuluwu, omwe ndi kholo la makina a masiku ano. Chimene sichinasinthe kuyambira nthawi imeneyo n'chakuti fakitale yotere imafuna ndalama zambiri isanagulitse ngakhale kapu imodzi. Woumba njerwa amakhoma chikombole chake ndi matabwa tsiku limodzi, ndipo pa zonse zimene amawononga, chikombolecho ndiye chotsika mtengo. Mu fakitale ya pulasitiki zinthu n'zotembenuka. Zikombole zikaphatikizidwa zimatha kudula kuposa makina amene zimamangidwamo, ndipo anthu ambiri amene amalakwitsa chiwerengero amalakwitsira pamenepo.

Poyambira ndi chinthu chopangidwacho

Wofuna kutsegula fakitale amakopeka kuyamba ndi kufunsa mitengo ya makina. Funso limenelo lilibe yankho mpaka zinthu zina zitadziwika: chipangidwe chiyani, cholemera magalamu angati, chachikulu bwanji, cha pulasitiki wa mtundu wanji, ndipo msika ungatenge zingati pachaka. Zimenezi ndizo zimalamula chikombole, chikombole n'kulamula kukula kwa makina, makina n'kulamula magetsi, madzi, kireni ndi nyumba. Amene wayamba kugula makina n'kumafunafuna choti apange pambuyo pake amapezeka ali ndi makina aakulu kwambiri amene akungodya magetsi, kapena aang'ono moti chikombole chimene akufuna sichilowamo.

Makina amenewa amadziwika ndi matani: makina a matani 120, a matani 250, a matani 1,000. Matani amenewa sakunena za kulemera kwa makinawo, koma mphamvu imene amapanira mbali ziwiri za chikombole kuti zisatseguke pamene pulasitiki akulowa. Pulasitiki wosungunuka amakankha makoma a chikombole mwamphamvu kwambiri. Mphamvu yopanira ikachepa, chikombole chimayasama pang'ono, ndipo chinthucho chimatuluka ndi timapiko topyapyala m'mbali mwake, toti munthu azichita kudula ndi mpeni.

Kuwerengera mphamvuyi sikovuta. Choyamba amapeza kukula kwa chithunzithunzi chimene chinthucho chingapange chitaikidwa pansi dzuwa lili paliwombo. Beseni la masentimita 40 kukamwa kwake lili ndi chithunzithunzi cha masikweya sentimita pafupifupi 1,256. Kenako amachulukitsa nambalayi ndi mphamvu imene sikweya sentimita iliyonse imafuna, yomwe nthawi zambiri imakhala pakati pa matani 0.3 ndi 0.8, malinga ndi mtundu wa pulasitiki, kupyapyala kwa khoma ndiponso kutalika kwa mtunda umene phalalo liyende lisanadzaze chikombole. Polypropylene, amene amapangira mabeseni ndi mipando yambiri, amayenda mosavuta ndipo amakhala chakumunsi kwa mlingo umenewu. Pa matani 0.35, beseni lija likufuna matani pafupifupi 440. Akawonjezerapo 10 peresenti yodzitetezera, zimafika pa 484, kutanthauza makina a matani pafupifupi 500. Beseni lopepuka loti mwana angalinyamule ndi chala chimodzi limafuna makina aakulu chonchi, chifukwa nkhani si kulemera kwake koma kutambalala kwake.

Matani okha sakwanira. Makina alinso ndi malire a pulasitiki amene angakankhe ulendo umodzi, ndipo opanga makina amalemba malirewo m'magalamu a polystyrene. Polypropylene ndi wopepukirapo, choncho makina olembedwa magalamu 1,000 amakankha pafupifupi 800 kapena 850 a polypropylene. Amisiri amafuna kuti ulendo uliwonse uzitenga pakati pa 20 ndi 80 peresenti ya zimene mgolo ungakankhe. Zikachepera pamenepo, pulasitiki amakhalitsa pamoto n'kuyamba kupsa. Zikapitirira, sasungunuka mofanana. Palinso mizati inayi yachitsulo imene chikombole chiyenera kudutsa pakati pake, ndi mpata umene makina amatseguka. Ndowa yakuya masentimita 35 imafuna kuti chikombole chitseguke kuposa kuwirikiza kuya kwake kuti ivuuke n'kugwa. Kungoyang'ana matani n'kuiwala mpata umenewu kumachititsa kuti makina afike kuchokera kutsidya kwa nyanja koma ndowa n'kumakanirira m'kati.

Mitundu ya makina ndi kumene amachokera

Makina alipo a mitundu itatu. Akale kwambiri amayendera mafuta a hayidiroliki, ndipo pampu yake imazungulira nthawi zonse, ngakhale pamene chikombole chikungodikira kuti pulasitiki azizire. Ndi otsika mtengo pogula, olimba, ndipo makaniko wodziwa mathirakitala ndi makatapila samasochera nawo kwenikweni, koma amadya magetsi ndipo mafuta ake amatentha n'kufuna kuziziritsidwa. Achiwiri ndi a hayidiroliki omwewo koma okhala ndi mota ya servo, imene imazungulira pokhapokha pakafunika mphamvu. Amenewa ndiwo afala m'mafakitale atsopano opanga ziwiya za pakhomo, chifukwa amachepetsa kwambiri bilu ya magetsi popanda kukwera mtengo mopitirira. Achitatu ndi a magetsi okhaokha, amene anayamba kugulitsidwa m'zaka za m'ma 1980. Amabwereza ntchito mosaphonya, alibe mafuta odontha, ndipo amakondedwa popanga zida za kuchipatala ndi tizipangizo ta mafoni. Kuwagula kuti aziumba mabeseni n'kuwononga ndalama, makamaka kumene katswiri wokonza makadi ake ayenera kuchita kubwera pandege.

Makampani odziwika ndi monga Engel ya ku Schwertberg ku Austria, Arburg ya ku Lossburg ndi KraussMaffei ku Germany, Fanuc ndi Nissei ku Japan, Husky ya ku Bolton ku Canada, imene imadziwika kwambiri pa makina opanga timachubu ta PET tofufumitsira mabotolo, ndi Haitian ya ku Ningbo ku China, imene imagulitsa makina ambiri zedi chaka chilichonse. Makina a ku Ulaya ndi Japan amatha kudula kuwirikiza kawiri kapena kuposerapo poyerekeza ndi a ku China a matani ofanana. Mitengo imasinthasintha, choncho chiwerengero chenicheni chimafuna makotesheni atatu kapena anayi, onse ofunsidwa pa mfundo zofanana. Kotesheni yotsika kwambiri kawirikawiri imakhala itasiya china: sikuluwu yolimbitsidwa, mavalavu oyendetsera zitsulo zosuntha za m'chikombole, polumikizira loboti, kapena ulendo wa injiniya wodzayambitsa makinawo. Funso lofunika kuposa dzina la kampani ndi lakuti: sipeyala ikafunika, ichokera kuti ndipo ifika patapita masiku angati? Kwa fakitale ya ku Makata ku Blantyre, ku Kanengo ku Lilongwe kapena ku Lusaka, makina okhala ndi wogulitsa ndi amisiri ku Johannesburg kapena ku Durban ali pafupi kuposa amene chilichonse chiyenera kuitanitsidwa ku Ulaya.

Makina ogwiritsidwapo kale ntchito amakopa chifukwa cha mtengo. Ena amakhaladi abwino. Koma utoto watsopano suonetsa kuti sikuluwu ndi mgolo zaperepeseka bwanji, kuti mizati ili ndi ming'alu, kapena kuti kompyuta yake inasiya kupangidwa kalekale. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogula wochenjera amalipira katswiri kuti akayeze makinawo akugwira ntchito, ndipo amaika m'chiwerengero mtengo wa sikuluwu, mgolo ndi mapaipi a mafuta atsopano. Ayeneranso kuona magetsi ake. Malawi ndi Zambia amagwiritsa ntchito magetsi a 50 Hz, a mavoti 400 pa mafeizi atatu, pamene makina opangidwira msika wa ku America amayendera 60 Hz.

Chikombole

Chikombole cha pulasitiki ndi makina paokha. Chili ndi mbali ziwiri zosemedwa m'chitsulo, mphako imene chinthucho chimaumbikamo, tinjira todutsa pulasitiki, timabowo toyenda madzi ozizira, ndi timisomali tokankha chinthucho kuti chituluke. Chimapangidwa chimodzi chokha, pa chinthu chimodzi chokha, choncho palibe ndandanda ya mitengo yoti munthu angowerenga. Kachikombole ka aluminiyamu ka chinthu chosavuta kamatha kupangidwa ndi madola masauzande ochepa, pamene cha chitsulo cholimbitsidwa chokhala ndi mphako zambiri chimatha kupitirira madola 100,000.

Mtengo wake waukulu si chitsulo ayi, koma maola a amisiri ndi a makina osemera. Wopanga zikombole akalandira chojambula amawerengera maola ojambula chikombolecho pakompyuta, maola osema ndi makina a CNC, maola oboola ndi moto wa magetsi pa makina a EDM m'makona mmene chosemera sichingafike, maola opukuta ndi manja, ndi maola olumikiza ndi kuyesa. Kupukuta kumadabwitsa anthu ambiri. Pulasitiki amatengera chilichonse chimene chili pakhoma la chikombole, ngakhale kamzere kosaoneka bwino, choncho kapu yoonekera m'kati ngati galasi imafuna chikombole chopukutidwa mpaka munthu kudziona nkhope, ndipo ntchito imeneyo imatenga masiku a mmisiri waluso. Kunsi kwa kreti, kumene palibe amene amakuyang'ana, sikufuna zonsezo, ndipo wogula amene sananene mbali zofunika kuwala amalipira kupukuta kumene sakukufuna.

Chachiwiri chokweza mtengo ndi maonekedwe a chinthucho. Kapu yopanda chogwirira imavuuka mosavuta chikombole chikatseguka, makamaka ngati makoma ake apendekeka ndi digiri imodzi kapena awiri. Koma bowo la m'mbali, ngowe, mazinga a chitsekerero kapena mabowo a kreti zimakola pachitsulo, ndipo zimafuna zitsulo zosuntha zimene zimayamba zachoka chinthucho chisanakankhidwe. Chitsulo chosuntha chilichonse ndi maola ena osema, ndiponso ndi malo ena odzaperepeseka m'tsogolo. Nthawi zambiri kusintha pang'ono chojambula, monga kusamutsa bowo kuti liloze kumene chikombole chimatsegukira, kumachotsa ndalama zambiri kuposa kunenerera mtengo.

Chachitatu ndi mtundu wa chitsulo, umene umasankhidwa potengera kuchuluka kwa maulendo amene chikombole chiyenera kupirira. Bungwe la makampani a pulasitiki ku America, limene kale linkatchedwa SPI, linagawa zikombole m'magulu asanu amene amatchulidwabe m'makotesheni ambiri. Gulu la 105 ndi la zoyesera chabe, zosapitirira maulendo 500. Gulu la 104 ndi la maulendo osakwana 100,000, la 103 osakwana 500,000, la 102 mpaka miliyoni imodzi, ndipo la 101 ndi la maulendo opitirira miliyoni. Aluminiyamu amasemeka msanga ndipo amachotsa kutentha bwino, koma sachedwa kutha. Chitsulo chotchedwa P20 ndicho chofala pa ziwiya za pakhomo. H13 amachilimbitsa ndi moto chikasemedwa, ndipo chimapirira maulendo ochuluka komanso pulasitiki wosakaniza ndi ulusi wa galasi, amene amapala chitsulo ngati mchenga. PVC akatentha amatulutsa mpweya wodya chitsulo, choncho zikombole za zolumikizira mapaipi zimafuna chitsulo chosachita dzimbiri. Kotesheni imene sinatchule dzina la chitsulo ndi gulu la chikombole siingayerekezedwe ndi ina iliyonse.

Kenako pamabwera funso la mphako zingati. Monga mmene chikombole cha njerwa chimakhalira cha imodzi kapena cha ziwiri, cha pulasitiki chimatha kutulutsa chinthu chimodzi, zinayi, 16, 32 kapena kuposerapo ulendo uliwonse. Chiwerengero chake chimachokera ku msika. Tiyerekeze kuti fakitale ikufuna zitsekerero 10 miliyoni pachaka, ulendo umodzi ukutenga masekondi 10, ndipo makina aziyenda maola 5,400 pachaka. Pa ola pali maulendo 360, pachaka 1,944,000. Kugawa 10 miliyoni ndi nambalayi kumapereka zoposa pang'ono 5, ndipo popeza tinjira ta pulasitiki timagawika bwino mphako zikakhala 2, 4, 8 kapena 16, chikombole cha mphako 8 ndicho choyenera. Cha mphako 32 chingatsitse mtengo wa chitsekerero chimodzi papepala, koma chingafune makina aakulu kwambiri, ndipo chingamalize ntchito ya chaka chonse m'miyezi iwiri n'kumangokhala pashelefu chikuchita dzimbiri.

Tinjira todutsa pulasitiki tilinso ndi mtengo wake. M'chikombole wamba, pulasitiki wa m'tinjirato amauma limodzi ndi chinthucho, n'kutuluka ngati kanthambi koti kathyoledwe, kagayidwe, kabwezedwenso m'makina. Pa zinthu zing'onozing'ono kanthambiko kamatha kulemera mofanana ndi zinthuzo. Njira ina, yotchedwa hot runner, imasunga tinjirato tili totentha ndi mahita, moti sipatuluka kanthambi ndipo ulendo umafupika. Imawonjezera ndalama zambiri pachikombole, imafuna bokosi lake loyendetsera kutentha, ndipo ikawonongeka imafuna mmisiri woidziwa. Pa zitsekerero mamiliyoni imabweza ndalama zake msanga. Pa zinthu masauzande ochepa pachaka siibweza.

Pali mfundo imodzi imene imalumikiza chojambula ndi ndalama kuposa zonse, ndiyo kuchindikala kwa khoma. Nthawi yoposa theka la ulendo uliwonse imathera pa kudikira kuti pulasitiki azizire, ndipo nthawi imeneyi sikula mofanana ndi kuchindikala, koma imakula mochulukitsa kuchindikalako ndi kuchindikala komweko. Khoma likachoka pa mamilimita 2 kufika pa 3, pulasitiki wofunika amawonjezeka ndi theka, koma nthawi yozizira imawirikiza kawiri ndi kota. N'chifukwa chake chikombole chotsika mtengo chokhala ndi timabowo tochepa ta madzi chimakhala chodula m'kupita kwa nthawi: masekondi 5 owonjezera pa ulendo wa masekondi 30, akabwerezedwa chaka chonse, amadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 7 a zonse zimene makinawo akanatulutsa.

Zikombole zambiri zimagulidwa kunja. Dera la Huangyan mumzinda wa Taizhou ku China ladzaza ndi mafakitale osema zikombole za mipando, ndowa ndi makreti, ndipo Marinha Grande ku Portugal ndi malo otchuka ku Ulaya pa ntchito yomweyi. India ndi South Africa alinso ndi amisiri ake. Malipiro kawirikawiri amagawidwa: gawo lina poyamba ntchito, lotsala wogula akavomereza zitsanzo zoyamba. Kusema kumatenga milungu ingapo kapena miyezi, ndipo si kawirikawiri kuti chikombole chikhoze pa kuyesa koyamba. Chifukwa china n'chakuti pulasitiki amachepa akamazizira, polypropylene ndi 1 mpaka 2.5 peresenti, ABS ndi pafupifupi theka la peresenti, ndipo sachepa mofanana mbali zonse. Amisiri amasiya dala chitsulo chochulukirapo m'malo okayikitsa, popeza kusema chitsulo n'kosavuta koma kuchibwezera n'kovuta. Chiwerengero chabwino chimaika ndalama za kuyesa kawiri kapena katatu, kutumiza zitsanzo pandege, ulendo wa munthu wokaona kuyesako, timisomali ndi masipuling'i osinthira, ndi 10 mpaka 15 peresenti ya zosintha zosayembekezereka. Pangano lizinenanso poyera kuti chikombole ndi zojambula zake ndi za wogula, chifukwa popanda zojambula mmisiri wina sangapange chiwalo chothyoka.

Zozungulira makina

Makina ndi chikombole paokha sangaumbe kanthu. Pamafunika makina oziziritsa madzi oyenda m'chikombole, nsanja yoziziritsira madzi a mafuta a hayidiroliki, mapampu ndi mapaipi ake, kompulesa ya mpweya, chokwezera timibulu pamwamba pa makina, chosakanizira utoto, ndi chigayo cha pulasitiki chogaya zowonongeka. Mitundu ina ya pulasitiki imayamwa chinyontho ndipo iyenera kuumitsidwa isanasungunulidwe: ABS kwa maola angapo pa madigiri pafupifupi 80, PET pa madigiri opitirira 150. Polypropylene ndi polyethylene nthawi zambiri safuna zimenezi, ndipo ndi chifukwa china chimene mafakitale atsopano amayambira pa ziwiya za pakhomo. Chikombole cha mpando chimalemera matani angapo, choncho pamafunika kireni ya kudenga kapena ya miyendo, ndi denga lalitali mokwanira kuti chikombolecho chidutse pamwamba pa mizati. Simenti ya pansi iyenera kupirira makina amene, akakhala a matani 500 opanira, kulemera kwawo kwenikweni kumatha kufika matani 20 kapena kupitirira.

Magetsi amafuna chiwerengero chawochawo. Fakitale ya makina angapo imafuna thiransifoma yakeyake, zingwe zikuluzikulu ndi bolodi yogawira magetsi, ndipo makampani ogulitsa magetsi amalipiritsa mafakitale potengeranso mphamvu yochuluka kwambiri imene anakoka pa nthawi imodzi, osati mayunitsi okha. Kuzima kwa magetsi kumapweteka fakitale ya pulasitiki koposa mafakitale ambiri, chifukwa pulasitiki amauma mumgolo, ndipo magetsi akabwera pamafunika nthawi yotenthetsanso ndi kutaya zoyamba kutuluka. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire mu Januwale 2022, Malawi anataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba, Zambia anakhala maola ambiri patsiku opanda magetsi. M'mayiko amenewa jenereta ndi dizilo wake ziyenera kulowa m'chiwerengero kuyambira pachiyambi, ndipo jeneretayo ikhale yokwanira makina, zoziziritsa ndi kompulesa pamodzi.

Kuchokera kufakitale yopanga makina kufika pansi pa denga

Mtengo wa pakotesheni umadalira zilembo zitatu zimene zalembedwa pambali pake. EXW ikutanthauza kuti wogula akatenge yekha katunduyo pakhomo pa wogulitsa. FOB ndiye kuti wogulitsa akweza katunduyo m'sitima padoko la kwawo, ndipo CIF ikuphatikiza ulendo wa panyanja ndi inshuwalansi mpaka padoko lofikira. Kwa dziko lopanda nyanja, CIF Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban si mapeto a ulendo. Patsala zolipira padoko, wothandiza kuombola katundu, lole yodutsa ku Tete ndi pachipata cha Mwanza kapena sitima ya pamtunda yochokera ku Nacala, ndiponso chindapusa cha kontena ikachedwa kubwezedwa. Makina aakulu salowa m'kontena wamba, ndipo amanyamulidwa m'kontena yopanda denga kapena yopanda makoma, imene ndi yodulirapo. Msonkho wa pachipata umadalira gulu limene katunduyo waikidwa, ndipo mayiko ambiri amachepetsa msonkho pa makina a mafakitale, koma zimenezi zitsimikizidwe ndi bungwe lotolera misonkho la MRA ku Malawi kapena ZRA ku Zambia molemba katundu asananyamuke, pofunsanso padera za zikombole ndi masipeyala. Akafika pamafunika kireni yotsitsira, amisiri oika makina molingana bwino, migolo ya mafuta a hayidiroliki, tikiti ndi malo ogona a injiniya, ndi pulasitiki wophunzirira amene sadzagulitsidwa.

Zonsezi zimalipiridwa m'ndalama zakunja, pamene mabeseni adzagulitsidwa m'makwacha. Kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene analipira gawo loyamba la chikombole ndalama isanagwe anapeza kuti gawo lotsala lakula kwambiri m'makwacha. Chifukwa cha ichi chiwerengero chimasungidwa m'madola, ndipo masiku olipira gawo lililonse amalembedwa pambali pake.

Mtengo wa ola limodzi ndi wa chinthu chimodzi

Ndalama zonse zikadziwika, zimasandutsidwa mtengo wa ola limodzi la makina. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza pofuna kuonetsa njira. Tinene kuti zolipira zosasintha za makina a beseni aja, monga kuguga kwa makina kogawidwa pa zaka 10, chiwongola dzanja, lendi, inshuwalansi ndi malipiro a oyang'anira, zikukwana madola 54,000 pachaka. Masiku 300 a maola 24 ndi maola 7,200, koma palibe makina amene amayenda maola onsewo; pochotsa kusintha zikombole, kukonza, kuzima kwa magetsi ndi kusowa kwa maoda, 75 peresenti imapereka maola 5,400. Zosasinthazo zimakhala madola 10 pa ola. Powonjezera madola 14 a magetsi, woyendetsa makina ndi zokonzera, ola limodzi ndi madola 24. Beseni la masekondi 30 limatuluka ka 120 pa ola, choncho makina amatenga masenti 20 pa beseni lililonse. Fakitale yomweyo ikamayenda shifiti imodzi yokha, maola amatsika kufika pa 1,800, zosasintha zimakwera kufika pa madola 30 pa ola, ndipo beseni limanyamula masenti pafupifupi 37. Ichi n'chifukwa chake mafakitale a pulasitiki amagwira usana ndi usiku.

Chikombole chimagawidwa pa zinthu zimene zidzagulitsidwedi, osati zimene chitsulocho chingapirire. Cha madola 30,000 chikatulutsa mabeseni 600,000 chimawonjezera masenti 5 pa lililonse. Msika ukangotenga 30,000, chimawonjezera dola yathunthu, ndipo beseni limenelo silingapikisane ndi la wina aliyense pamsika wa Limbe. Pa maola 5,400 makina amodziwa angatulutse mabeseni 648,000 pachaka. Ndi misika yochepa ya m'chigawo chino imene ingameze mabeseni ochuluka chonchi a mtundu umodzi, choncho makinawo amafuna zikombole zinayi kapena zisanu, za ndowa, za mabeseni a misinkhu ina, za madengu, kuti asakhale chabe. Pamenepa ndi pamene mtengo wa zikombole umapitirira wa makina.

Chotsala ndi pulasitiki weniweniyo. Pa dola 1.40 pa kilogalamu, beseni la magalamu 350 limadya masenti 49, kuposa makina ndi chikombole pamodzi, ndipo pawonjezedwe utoto ndi zowonongeka zosagayika. Timibulu ta pulasitiki watsopano sitipangidwa ku Malawi kapena ku Zambia. Timabwera m'matumba a makilogalamu 25 kuchokera ku makampani monga Sasol ndi Safripol ku South Africa, SABIC ku Saudi Arabia ndi Reliance ku India. Mabeseni 648,000 amafuna matani pafupifupi 227 pachaka, omwe pa mtengo woyerekezawu ndi madola oposa 317,000. Popeza katundu amatenga milungu yambiri panjira, fakitale imasunga wa miyezi iwiri kapena itatu, ndiye kuti madola ofika mpaka pafupifupi 80,000 amakhala atagona m'nyumba yosungiramo katundu ndi m'malole, asanawerengedwe mabeseni amene eni mashopu atenga pangongole. Ndalama imeneyi imalembedwa pamzere wakewake m'chiwerengero, pambali pa makina, zikombole, zozungulira makina ndi mayendedwe, ndipo iyenera kukhalapo tsiku limene injiniya akuyatsa makina koyamba.